Kuphunzira mphika wa mnansi si kutaya kwathu

Lachisanu lina posachedwapa tidasonkhana kunyumba kwa banja lina la mamembala athu ku The Pearl, m'nyumba zosanjikizana za ku Viva Bahriya, monga timachitira tikapeza danga. Mayi wapakhomopo adatilandira ndi ulemu wonse wa kwathu. Madzi osamba m'manja adayenda, pemphero lidachitika, ndipo nsima idafika yotentha, mitanda yake yoyalidwa bwino. Koma atavundukula mbale za ndiwo, m'chipindamo mudayamba manong'onong'o. M'mbale yoyamba mudali nsomba yophikidwa ndi njere za mpiru zopera, monga amaphikira anthu a ku Bengal. M'mbale yachiwiri mudali chipere chachikasu chimene eni ake amati dal. M'mbale yachitatu mudali nkhuku yokazinga ndi tsabola, adyo ndi sosi wa soya, imene m'malesitanti amaitcha chilli chicken. Ana adathamangira nkhukuyo. Bambo wina wachikulire, amene tonse timawalemekeza, adayang'ana mbalezo kwa nthawi, kenaka adafunsa modekha kuti: "Mayi, zaoneka zokoma ndithu, koma kodi tidabwera kuno kudzasanduka amwenye?"

Tonse tidaseka, mayiwo adasekanso, ndipo bambowo adadya mpaka kupempha kuti awaonjezere nsomba. Komabe funso lawo silidathere patebulo pomwepo. Lakhala likubwerezedwa m'makambirano athu, ndipo ena alinena mwaukali kuposa mmene adalinenera iwo. Ati mabanja athu ayamba kunyoza nsima, ati ana athu akukula osadziwa kuumba mbamu, ati tikadzabwerera kwathu tidzakhala alendo m'mudzi mwathu momwe. Nkhawa imeneyi si yachibwana, ndipo sitikuipeputsa. Koma ife tikuona kuti mkondo waloza kolakwika. Chimene chingathamangitse nsima m'nyumba zathu kuno ku Doha ndi khitchini yozizira, imene mwezi umatha osayakamo moto chifukwa chakudya chonse chimabwera panjinga yamoto titachiitanitsa pafoni. Banja limene likuphika, ngakhale likuphika za eni, likadali ndi mthiko m'manja.

Tiyambe takumbuka kumene tili. The Pearl ndi chilumba chochita kumanga pokwirira nyanja. Kampani ya United Development Company idalengeza ntchitoyi mu 2004, ndipo anthu oyamba adalowamo cha m'ma 2009. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 4, ndipo ndi malo oyamba m'dziko muno kumene mlendo adaloledwa kugula nyumba n'kukhala yakeyake. Dzina lake likukumbutsa ngale zimene makolo a eni dziko ankazifunafuna pansi pa nyanja m'dera lomweli, malonda amene adagwa m'zaka za m'ma 1930 pamene ngale zochita kuweta za ku Japan zidadzaza misika. Lero ku Porto Arabia, ku Medina Centrale ndi ku Qanat Quartier kwandandalika malesitanti a mitundu yonse ya pansi pano. Ena mwa ife amakhala pachilumbachi, ena amangodzagwirako ntchito n'kukwera basi madzulo kulowera ku siteshoni ya Legtaifiya. Tonsefe, wapamwamba ndi wapansi yemwe, tili m'dziko limene kudya zogula n'kosavuta, makamaka m'miyezi yotentha. Kutentha kwa kuno si kwamasewera: kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala lamulo limaletsa ntchito za padzuwa kuchokera 10 koloko m'mawa kufika 3:30 masana. Munthu wofika kunyumba atalefuka ndi dzuwa lotere sachedwa kutola foni m'malo mwa poto.

Koma foni ili ndi mtengo wake. Lamulo la malipiro otsikitsitsa, limene lidayamba kugwira ntchito mu Malichi 2021, lidaika mariyali 1,000 pamwezi, kuonjezerapo 500 ya pogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi. Mariyali 300 amenewo akhoza kuthera pa mgonero umodzi wa anthu awiri m'mbali mwa nyanja ku Porto Arabia. Chonsecho kuli anthu mazana a zikwi ochokera ku Bangladesh ndi ku India amene amadya mwezi wonse ndi ndalama yosasiyana kwenikweni ndi imeneyi, n'kutumizanso zotsala kwawo. Chinsinsi chawo n'chosabisika. Ambiri amasonkherana, amagula thumba la mpunga, dal, anyezi ndi mafuta, n'kumaphika mosinthana. Ife amene mwezi ukatha timadandaula kuti feteleza wakwera kumudzi ndipo sukulu fizi ya adzukulu ikutidikira, kodi tili ndi chifukwa chanji chokanira kuphunzira kwa anthu odziwa kudya bwino ndi ndalama yochepa chotere?

Anansi amene sitinawadziwe

Kwathu aliyense wochokera mbali imeneyo timangoti mmwenye, ngati kuti onse amadyera m'mbale imodzi. Amwenye amene tidakula tikuwaona ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe ambiri makolo awo adachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Adabwera pambuyo pa asilikali achisikh amene Harry Johnston adawaitanitsa mu 1891, natsegula masitolo mpaka m'midzi, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu Banda lidawalamula kuti achitire malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Kwa iwowa ndi kwa amalonda a kugombe tidatengako samusa, chapati, achari wa mango ndi ufa wa kale umene mayi aliyense amathira mu nkhuku ya Khrisimasi. Palibe amene adasiya kukhala Mmalawi chifukwa chodya samusa padepoti ya basi. Ngakhale chimanga chenichenicho, chimene timalumbirira, chidachokera kutsidya kwa nyanja ku Amereka, ndipo makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Mphika wa Mmalawi wakhala ukulandira alendo kuyambira kalekale.

Anthu a ku Bengal ndi ena. Kwawo ndi kum'mawa, kumene mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra imathira m'nyanja. Dziko lawo lidagawidwa pawiri mu 1947: mbali ina ndi chigawo cha West Bengal m'dziko la India, likulu lake Kolkata, ndipo mbali inayo idasanduka dziko la Bangladesh mu 1971, likulu lake Dhaka. Ndi anthu a m'madzi monga abale athu a ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndipo eni ake amanena kuti nsomba ndi mpunga ndizo zimapanga Mbengali. Ndi anthunso osalola kutaya zawo. Pa 21 Febuluwale 1952 ophunzira ena adawomberedwa ku Dhaka pomenyera chilankhulo chawo, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO mu 1999 lidasankha tsiku limeneli kukhala lokumbukira zilankhulo za makolo padziko lonse. Munthu woopa kuti ana ake ataya Chichewa ndi nsima sangapeze mphunzitsi woposa anthu otere.

Mayi watilandira uja adatiuza kuti adaphunzira kuphika nsombayo kwa mnansi wawo wa khomo loyandikana, mayi wa ku Kolkata. Tsiku loyamba kulowa m'khitchini ya mnansiyo adadabwa kupeza ndiwo zakwathu zokhazokha, zitangosintha maina. Chimene iwo amati lal shak ndi bonongwe wofiira. Kumro shak ndi nkhwani. Pat shak ndi denje, ndipo therere lobala amalikazinga ngati ndiwo ya tsiku lililonse. Lau ndi mphonda, sojne ndi chammwamba chimene chimangomera kuseri kwa nyumba ku Chikwawa. Nsomba zouma amazitcha shutki, ndipo amazikonda monga ife tikondera usipa ndi matemba. Mpunga wotsala usiku amauthira madzi n'kuudya m'mawa ndi mchere, anyezi ndi tsabola, dzina lake panta bhat, ndipo aliyense amene adakulira nsima ya mkute sangafunse kuti n'chiyani. Ngakhale mphero ali nayo, mwala waukulu ndi mwana wake, yoperera zokometsera ndiwo.

Kusiyana kwathu ndi iwo kuli pa mpiru. Ife timadya masamba n'kusunga njere za mbewu yokha. Iwo amadya masamba, amafinya mafuta kuchokera m'njerezo, ndipo amaziperanso pamodzi ndi mchere ndi tsabola wamuwisi kukhala zotendera nsomba, monga ife timachitira ndi nsinjiro. Kaphikidwe ka msuzi wawo wa tsiku ndi tsiku, macher jhol, n'kosavuta. Nsomba amaipaka mchere ndi manjano n'kuikazinga pang'ono m'mafuta a mpiru otentha bwino, chifukwa mafutawa akapanda kutenthetsa amatsala ndi ukali wolasa m'mphuno. Akaichotsa, m'mafuta omwewo amaponyamo tinjere takuda totchedwa kalonji ndi tsabola, kenaka mbatatesi ndi mabilinganya, n'kuthira madzi, ndipo nsomba imabwereramo kumapeto kuti isaphwanyike. Amene akudyera nsima angochepetsa madzi kuti msuzi ukhuthare. Chambo kuno kulibe, koma tilapia, amene ndi mbale wake wa chambo, amapezeka m'masitolo, ndipo kumsika wa nsomba wa ku Umm Salal kuli sheri ndi nsomba zina za m'nyanja ya kuno zimene zimagwirizana ndi kaphikidwe kameneka. Zamasamba amazikometsera ndi njere zisanu zosakaniza, panch phoron, zimene zimangofunika kuthetheka m'mafuta kwa kamphindi. Thumba laling'ono logula ku Souq Waqif kapena ku LuLu limatha miyezi.

Nanga dal? Ndi chipere basi, chimene agogo athu ankaphika atasenda makoko a nyemba kapena a khobwe. Ubwino wake kwa munthu wogwira ntchito ya mashifiti ndi wakuti dal wofiira, masoor, amapsa m'mphindi 20 popanda kuviika, pamene nyemba zakwathu zimafuna maola awiri pamoto. Palinso china chimene chiyenera kutigwira mtima. Mtundu wina wa dal, toor kapena kuti arhar, ndi nandolo, yemweyo amene amalimidwa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Zomba ndi ku Machinga. Wambiri amatumizidwa ku India, ndipo pamene dzikolo lidachepetsa kugula nandolo wakunja mu 2017, mitengo idagwa kwathu, alimi nalira. Mu 2021 maiko awiriwa adasainirana pangano loti India azigula matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Tikamagula paketi ya dal kuno ku Doha, n'kutheka kuti tikugula thukuta la azakhali athu, litazungulira nyanja, litasendedwa ndi ena, ndipo phindu lake litatsala m'manja mwa ena. Mmalawi wodziwa kuphika dal ndi amene adzafunse akadzabwerera kwawo kuti bwanji nandolo wathu wambiri amatuluka m'dziko wosasenda, ndipo bwanji ana athu amagona ndi njala pamene nandolo akuwolera m'nkhokwe podikira wogula wakunja.

Chimene chidatichititsa manyazi koposa ndi ulemu umene anthu amenewa amapereka kwa ndiwo zimene ife timati zaumphawi. Pa chakudya chaulemu cha Chibengali amayamba ndi ndiwo yowawa, kenaka masamba, kenaka dal, nsomba ndi nyama zimabwera pambuyo. Makoko a mphonda ndi a mbatatesi amawakazinga, mutu wa nsomba amauphika ndi mpunga kukhala chakudya cha alendo. Anthu amenewa adaona njala ya 1943 imene idapha anthu pafupifupi 3 miliyoni, ndipo sataya chakudya. Ifenso tidaona njala ya 1949 ndi ya 2002, komatu angati mwa ife angaike luni, chisoso kapena kholowa patebulo mlendo wolemekezeka atabwera? Mu 2021 Dr Shakuntala Haraksingh Thilsted wa bungwe la WorldFish adalandira mphoto ya World Food Prize chifukwa cha kafukufuku wake ku Bangladesh woonetsa kuti tinsomba ting'onoting'ono todya ndi mutu ndi minga yomwe, monga kansomba kotchedwa mola, tili ndi michere yofunika kwambiri kwa amayi ndi ana. Usipa umene ena a ife timaubisa m'sutikesi mwamanyazi ndi wa gulu lomwelo. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mnansi wa Chibengali watikumbutsa kulemekeza zimene tidali nazo kale.

Phunziro la nkhuku ya tsabola

Mbale yachitatu ija ili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri ya anthu okhala kwa eni monga ife. Cha m'ma 1778 Mtchaina wina, Tong Atchew, adafika ku Bengal napatsidwa malo ndi bwanamkubwa Warren Hastings kuti alime nzimbe ndi kupanga shuga. Malowo mpaka lero amatchedwa Achipur. Pambuyo pake padabwera ena, akalipentala, osoka nsapato, ozula mano ndi ofufuta zikopa, nakhazikika ku Tiretta Bazaar m'kati mwa Kolkata, ndipo a mtundu wa Hakka adamanga mafakitale a zikopa ku Tangra. Atayamba kugulitsa chakudya kwa eni dziko adapeza kuti lilime la kumeneko limafuna tsabola, adyo ndi jinja wambiri, ndiponso kuti ambiri sadya nkhumba, ena sadya ng'ombe, ena sadya nyama n'komwe. Sadaumirire. Adasunga chiwaya chawo chakuya, moto wawo waukali, sosi wa soya ndi viniga, naonjezera tsabola wa eni dziko, ndipo mudatuluka chilli chicken ndi Hakka noodles. Nelson Wang, wobadwira ku Kolkata komweko, ndiye amatchulidwa kuti adayambitsa chicken Manchurian mu 1975 ku Mumbai, chakudya chimene ku Manchuria kwenikweniko sachidziwa. Khoti lalikulu la India litalamula mu 1996 kuti mafakitale a zikopa achoke m'dera la Tangra, nyumba zambiri za zikopa zidasanduka malesitanti. Lero chakudyachi chili m'misewu ya India monse, ndipo chatsatira amwenye mpaka kuno ku Doha.

M'mbiri imeneyi muli phunziro la mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti kagulu kochepa ka alendo kangasinthe kadyedwe ka dziko lalikulu ngati kali ndi luso m'manja ndi mtima wofuna kumva lilime la mnansi. Kuno ku Doha kuli malesitanti a mitundu yosawerengeka, koma ndani mwa anansi athu adalawapo futali, nkhwani wotendera, mpunga wa Kilombero kapena tsabola wa kambuzi? Sadzazidziwa ngati ife tikhala otsekera zitseko, osalowa m'makhitchini mwawo ndi osawaitanira m'mwathu.

Mbali yachiwiri ndi yowawa, ndipo ikugwirizana ndi nkhawa ya bambo aja. Mu 1962 India ndi China atamenyana, Atchaina pafupifupi 3,000 okhala ku India, ambiri obadwira komweko, adatengedwa n'kukatsekeredwa kumsasa wa Deoli ku Rajasthan, ena kwa zaka zingapo. Kukoma kwa chakudya chawo sikudawateteze. Ambiri atatuluka adasamukira ku Toronto ndi kwina, ndipo gulu limene lidafikapo anthu pafupifupi 20,000 ku Kolkata latsala ndi zikwi zochepa chabe. Kwa eni kulibe mkuwe. Ife kuno tili pa chitupa cha ntchito, ndipo ntchito ikatha, ulendo wa kwathu wakwana. Mwana amene adzatsike ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi n'kukana nsima ya agogo ake pamaso pa mudzi wonse adzakhala ataphonya chinthu chimene sukulu iliyonse ya ku Doha singamubwezere. Apa bambo aja adalasa.

Komabe onani kuti mankhwala ake si kuletsa chilli chicken. Mwana amene amadya nkhuku ya tsabola yophikidwa ndi amayi ake, iye ataimirira pambali akusenda adyo, ndi yemweyo amene mawa adzaphunzire kuvundula nsima pa chitofu chomwecho. Mwana amene amangolandira chakudya m'katoni pakhomo sadzaphunzira china chilichonse, cha eni kaya chakwathu. Tidaonanso pa 5 Juni 2017, pamene maiko oyandikana nawo adatseka malire a Qatar ndipo kwa masiku angapo mkaka ndi nkhuku zidasowa m'mashelefu ena, mpaka ng'ombe zamkaka zidachita kubwera pandege. Mkanganowo udatha mu Januwale 2021, koma amene tidalipo tikukumbuka kuti mabanja odziwa kuphika chilichonse chimene chapezeka sadatekeseke. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Zoyenera kusamala

Sitikunena kuti zonse za mnansi n'zabwino. Chakudya cha Chitchaina cha ku India, monga chimaphikidwira m'malesitanti, chimamira m'mafuta, ndipo sosi wake amadzaza mchere ndi shuga. Anthu a ku Bengal nawonso amakonda zotsekemera kwambiri. Dziko lino ndi limodzi mwa maiko amene matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri afala, ndipo ife amene kwathu tinkayenda pansi ndi kugwira khasu, kuno timakhala m'mafiriji a nyumba ndi a galimoto chaka chonse. Apa mponso pamene kuphika pakhomo kumapambana. Wophika yekha amaona ndi maso ake kuchuluka kwa mafuta. Nkhuku angaipake sitachi wa chimanga pang'ono n'kuikazinga m'masupuni awiri a mafuta m'malo moimiza, angachulukitse kabichi, karoti, anyezi ndi tsabola wobiriwira, ndipo akathira sosi wa soya asathirenso mchere. Chakudya chotere chikhale cha Lachisanu, pamene masamba, chipere ndi nsomba zikhale za masiku onse.

Tisaiwalenso alongo athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Kwa ife ena kuphika dal ndi chisankho chosangalatsa, koma kwa iwo ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, m'khitchini ya wina, ndipo ena amatha miyezi osalawa nsima. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Lamulo la 2017 la antchito a m'nyumba limawapatsa tsiku limodzi lopuma pa sabata ndi maola ogwira ntchito osapitirira 10 patsiku. Ndi udindo wathu monga bungwe kuonetsetsa kuti akulidziwa lamuloli, ndiponso kuti pa tsiku lawo lopumalo pali khomo la Mmalawi limene angagogode n'kupeza nsima ikuwadikira. Alongo amenewa ndi amenenso amadziwa kaphikidwe ka mitundu yambiri kuposa tonsefe, ndipo luso limenelo likhoza kudzakhala mpamba wawo akadzabwerera kwawo.

Kwa abambo amene amati kukhitchini n'kwa amayi, tikumbutsane kuti agogo athu aamuna ambiri adali makhuki otchuka m'nyumba za azungu ndi amwenye, ku Blantyre, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Adaphunzira kuphika za eni onsewo, koma Lamlungu ankadziphikira nsima yawo, ndipo adabwerera kumudzi ali Amalawi. Chimene chidawavuta n'chakuti ankalowera khomo lakumbuyo. Ife lero tingalowe m'khitchini ya mnansi kudzera khomo lakutsogolo, monga alendo oitanidwa, ndipo kukana mwayi umenewu kungakhale kudzimana.

Tsono tikupempha mamembala kuti tiganizire zinthu zingapo pa msonkhano wathu ukubwerawu. Lachisanu limodzi pamwezi likhale lophikira pamodzi, osati kungobwera ndi zophikaphika, kuti ana aone ndi kugwira. Pa tsiku limenelo nsima isasowe, ndipo wovundula akhale mnyamata kapena mtsikana wobadwira kunja, akulu akumulangiza. Ndiwo iliyonse, yakwathu kaya ya eni, itchulidwe dzina lake la Chichewa ngati lilipo, kuti mwana akaona lal shak m'sitolo adziwe kuti ndi bonongwe. Tilembe kabuku kathu m'Chichewa kofotokoza kaphikidwe ka ndiwo zakwathu ndi zinthu zopezeka kuno: kumene kumagulidwa ufa woyera, nsomba yolowa m'malo mwa chambo, ndi mmene tingakonzere nsinjiro popanda mtondo. Opita kutchuthi azikumbukira anzawo ndi usipa, mfutso ndi kambuzi, potsata malamulo a pabwalo la ndege. Ndipo banja lililonse limene laphunzira ndiwo ya mnansi libweze ngongoleyo pomuphunzitsa yakwathu, pakuti kupatsa n'kuika.

Mayi watilandira uja ngongole yawo adabweza kale. Adatiuza kuti tsopano mnansi wawo wa ku Kolkata amatendera kumro shak ndi nsinjiro, ndipo amuna ake amaitanitsa ndiwoyo ndi dzina lake lenileni, nkhwani, ngakhale lilime limawapota pang'ono. Bambo wachikulire aja, potsazika, adalandira kambale ka nsomba yotsala kuti akadye mawa lake, ndipo adalonjeza kuti Lachisanu la mwezi wamawa adzabwera ndi mthiko wawo kuti adzaphunzitse anyamata kuphika nsima yosaumbika mabulu. Tikuyembekezera kudzakuonani nonse kumeneko, aliyense ndi ana ake ndi poto wake.